Ma "sorry" a Lachitatu

Leicester, ku England, Lachitatu usiku.

Ndangolowa kumene ndipo msana ukuchita kung'ung'udza, koma ndati ndilembe kaye ndisanagone. Lero ndinadzipatsa ntchito yowerenga kuti ndimva kangati mawu akuti "sorry". Ndinafika pa 23 nthawi ya nkhomaliro isanakwane, kenako ntchito inandichulukira n'kusiya.

Woyamba ndinamumva m'basi cha m'ma 6 koloko m'mawa. Dalaivala atamanga mabuleki mwadzidzidzi ndinaponda phazi la bambo wina wovala nsapato za kuntchito. Woponda ndinali ine, koma amene anayamba kupepesa ndi iwowo. Mtsikana wina pofuna kutsika anandiuzanso "sorry", komatu apo sankapepesa kanthu. Ankangopempha njira, pamene ife tikanati "zikomo" kapena "ndidutse nawo". M'kashopu ka pakona ndinafunsa mankhwala opaka pamsana, mayi wogulitsayo n'kupendeketsa mutu: "Sorry?" Mawuwo anawakweza kumapeto, kutanthauza kuti "mwati chiyani?" Nditabwereza anati "Sorry, love", ndiye kuti mankhwalawo palibe. Mawu amodzi, ntchito zinayi, kunja kusanayere n'komwe.

Zimenezi ndinazizolowera kalekale. Chimene chimandikhalabe pamtima ndi chimene chinachitika tikuyala mabedi kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Mnzanga wina, Mngelezi, anagunda bondo pachitsulo cha bedi, ine n'kufuula kuti "Sorry, sorry!" Iye anatembenuka akusisita bondolo n'kufunsa kuti, "Mukupepesa chiyani? Si inutu mwandigunda." Sanakwiye ayi, anangodabwa.

Kwathu munthu akapunthwa, ngakhale uli kutsidya kwa msewu, umati "pepani". Mwana akagwa timathamanga ndi "pepa, pepa" uku tikumusasa fumbi. Wodwala malungo, wopsa ndi phala, amene mbuzi zamudyera chimanga, onsewo timawapepesa, ndipo palibe amene amaganiza kuti tikuvomera mlandu. Timangomuuza kuti ululu wake tauona ndipo watikhudza. Kuno munthu akapweteka amamufunsa kuti "Are you alright?" Akafuna kuonetsa chisoni amawonjezera mawu ena kuti zimveke: "sorry to hear that" ukamva nkhani yoipa, "sorry for your loss" pamaliro. Koma "I feel sorry for you" ndimawapewa, chifukwa ambiri amawamva ngati ukuwayang'anira pansi. "Sorry" wongoti yekha, wosatsagana ndi kanthu, amamveka ngati wa munthu wolakwa.

Pa nthawi yopuma ndinakhala ndi kapu ya tiyi n'kufufuza pafoni kumene mawuwa anachokera. Zimene ndinapeza zinandisangalatsa kwambiri. M'Chingelezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, ankati "sarig", kuchokera ku "sar", amene lero ndi "sore", kutanthauza chilonda kapena ululu. Ndinkaganiza kuti ndi mwana wa "sorrow", mawu otanthauza chisoni, koma ayi, mizu yake ndi yosiyana, anangofanana m'kupita kwa nthawi. Ndiye kuti poyambirira munthu wonena mawuwa ankatanthauza kuti "zikundiwawa". Kuvomera kulakwa kunabwera pambuyo. Choncho ine pofuulira bondo la mnzanga lija ndinali pafupi ndi tanthauzo la makolo ake omwe.

Masana nkhani inakula. Agogo ena aakazi a m'chipinda chakumapeto anagwa usiku wathawu popita kuchimbudzi, ndipo kuchipatala anapeza kuti athyoka dzanja. Abwana athu anatseka chitseko cha ofesi n'kuimbira foni mwana wawo wamkazi. Atatuluka anatikumbutsa kuti ku England, munthu akavulala kwambiri ali m'manja mwathu, sitiloledwa kubisa. Lamulo lake amalitcha duty of candour. Linayamba ndi zipatala za boma za NHS mu 2014, ndipo kuyambira mu April 2015 linakhudza malo onse osamalira anthu amene amayang'aniridwa ndi bungwe la boma lotchedwa Care Quality Commission. Limati uwauze eni ake zimene zachitika mwamsanga, upepese, ndiponso uwalembere kalata. Wina anafunsa ngati kupepesako sikungatibweretsere mlandu kukhoti. Abwana anati ayi, gawo 2 la lamulo la chipukuta misozi, Compensation Act ya 2006, linanena kale kuti kupepesa pakokha si kuvomera kuti unachita mosasamala.

Ndinakhala chete ndikuganiza. Dziko lino linachita kukhala pansi n'kulemba lamulo lomasula anthu kuti azitha kupepesa popanda mantha. Sindikuwaseka, chifukwa ndaonapo mmene mantha a mlandu amaumitsira pakamwa pa anthu abwino. Ndipo ife nafenso mawu athu ali ndi nkhope ziwiri zomwezo. Chipepeso ndi chija umapereka ukalakwira mnzako, kaya nkhuku kaya ndalama, pabwalo la amfumu. Chipepeso ndi chijanso timasonkha pamaliro, ufa, nkhuni, kangachepe m'mbale, ndipo palibe amene amati woponya chipepeso ndiye wapha munthu. Aliyense amadziwa kusiyanitsa, chifukwa malo ake ndi amene amanena.

Namwino wathu wina, amene anagwirapo ntchito ku Australia, anamva ndikufotokozera mnzanga wa bondo uja zimenezi. Anati kumeneko anthu a mtundu wa Aborigine amatcha nthawi ya maliro ndi miyambo yake kuti "sorry business". Anatchulanso za tsiku la 26 May, limene dziko lonselo limakumbukira ana a anthu amenewa amene boma linkawalanda kwa makolo awo. Tsikulo amalitcha National Sorry Day ndipo linayamba mu 1998, koma panadutsa zaka khumi kuti nduna yaikulu Kevin Rudd aime m'nyumba ya malamulo pa 13 February 2008 n'kupepesa m'dzina la boma. Mawu omwe aja amene bambo a m'basi anangowataya osaganiza, kwina anthu anawadikira mpaka ena kumwalira asanawamve.

Mwana wa agogo aja anafika cha m'ma 5 koloko, akuchokera kuchipatala kudzatenga zovala, magalasi ndi mano oikirira a mayi ake. Ndine amene ndinamuthandiza kulongedza. Ndi mayi wamkulu ndithu, imvi zayamba, koma atanyamula juzi ya mayi akewo anakhala pabedi n'kuyamba kulira mwakachetechete. Usiku umene anagwawo ine sindinali pantchito, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Ndinaganiza zosankha mawu oyenera a Chingelezi, aatali aja, koma pakamwa panatuluka athu omwe aja. Ndinakhala pambali pake n'kuti, "Sorry. Sorry." Sanandifunse kuti ndikupepesa chiyani. Anagwira dzanja langa n'kulifinya, ndipo tinakhala choncho mpaka belu la chipinda china linalira.

Ndili m'basi yobwerera ndinaimbira amayi ku Ntcheu pa WhatsApp. Anandiuza kuti mvula yayamba bwino, ndipo feteleza agula matumba awiri ndi ndalama zija. Kenako anafunsa za ine, ndipo ndinawauza za msanawu, kuti wandivuta sabata yonse chifukwa chonyamula anthu.

"Iii, pepa mwanawe," anatero. "Pepa. Uthowe ndi madzi otentha usanagone."

Ketulo yawira, ndikathowe.