Swichi yachitatu

Bambo anga anali dalaivala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo galimoto ya bwana wawo inali Peugeot 504 yoyera, imene tonse tinkangoti Pijo. Loweruka akabwera nayo kunyumba kudzatsuka, ntchito yanga inali kukwecha kamkango ka kutsogolo kaja, chizindikiro cha Pijo, ndi phulusa mpaka kawale. Kukwera ayi, ankati ndidetsa mipando. Ndiye mundimvetse. Nditaona pa Facebook chithunzi cha 504 yoyera, pansi pake atalemba kuti "ya 1978, injini yasinthidwa, moto wokhawokha", tulo tinatha.

Mayi a kunyumba sanakane. Anangoti, "Mukatengane ndi achimwene." Achimwene awowo, alamu anga, ndi makaniko ku Ndirande, munthu woti galimoto ikamadutsa pamsewu amakuuzani chimene ikudwala nsima ili m'kamwa. Vuto lawo n'loti akakuthandiza, mbumba yonse imva mpaka Khirisimasi. Nditamva kuti Loweruka lotsatira akupita kumaliro a mayi a mnzawo wa kugalaja, ndinaimbira wogulitsa uja kuti ndibwera Loweruka lomwelo.

Komanso ndinkafuniranji makaniko? Masabata awiri ndinali pa YouTube mpaka bando kutha. Ndinafotokozera mayi a kunyumba kuti 504 inatuluka mu 1968, kuti mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya, kuti Ove Andersson anawina nayo mpikisano wa Safari ku Kenya mu 1975, ndiponso kuti Azungu ataisiya, ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 2004, ku Nigeria mpaka 2006. Anandimvetsera akusenda mbatata. Nditamaliza anafunsa kuti, "Ndiye mwa zonsezo n'chiti chikuuzeni ngati ili ndi mabuleki?"

Ndinanyamula zida zanga m'jumbo: maginito ochotsa ku sipika ya wailesi yakufa, tochi, sikuludiraiva yaitali, ndi katoni yogonera pansi.

Wogulitsayo ankakhala kupitirira Lunzu, kumsewu wafumbi. Anali madala a chipewa, oyankhula motsitsa ngati mkulu wa mpingo. Galimoto inali pansi pa mtengo wa mango, ndipo nditaiona maondo anafooka. Ndi yomwe ija! Nyali zake zija, matako ake ogwa aja, kamkango kali poo kutsogolo.

Lamulo loyamba limene ndinaloweza linali loti galimoto yakale uipeze yozizira, chifukwa injini yozizira sinama: ngati ndi yautsi itulutsa utsi, ngati ndi yogogoda igogoda. Ndinagwira boneti. Inali yotentha ngati chiwaya cha tchipisi.

"Ndi dzuwa, bwana," anatero madala.

Unali mwezi wa June, 8 koloko m'mawa, chiperoni chili nyenyenye. Ndinagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zanzeru.

Ndinatulutsa maginito. Nzeru yake ndi yoti pamene pali chitsulo amakakamira, pamene anamata phala lobisira dzimbiri amagwa. Ndinaika pachitseko, gwa pansi. Pachitseko china, gwa. Pamwamba pa tayala, gwa. Kamnyamata ka madala kanatopa n'kunditolera. Anakakamira padenga pokha.

"Chitsulo cha ku France chimenecho," madala anatero. "Sichigwirizana ndi maginito a ku China."

Boneti inali ndi linunda pakati ngati ng'ombe ya ku Nsanje, ndipo titatsekula ndinaona chifukwa chake. Injini ya 504 imagona chopendekera mbali imodzi, n'chifukwa chake mphuno ya galimotoyi ndi yotsika. Muno munali Toyota 4Y ya malita 2.2, ya m'maminibasi akale ija, itaima chilili ngati msilikali. Itakana kulowa, anthu anaimenyera malo ndi hamala. Kunena zoona 4Y ndi injini yabwino, yosachedwa kukonza, ndipo zipangizo zake ngakhale pamsika wa Ndirande uzipeza zitayalidwa pansi ngati tomato. Mtima wanga unati: thupi la Mfalansa, mtima wa Mjapani, ufunanso chiyani?

Madala anailiza, ine n'kutulutsa sikuludiraiva. Akatswiri amagunditsa nsonga pa injini, chogwirira kukhutu, n'kumamva zam'kati ngati dokotala. Ana a m'mudzi anali ataunjikana. Ndinatsinzina kuti ndimve bwino, dzanja linatsetsereka, nsonga n'kukakhudza waya wa pulagi wosupuka. Abale, ndinaona agogo anga amene anamwalira kalekale. Ndinadumpha, mutu n'kukagunda boneti, sikuludiraiva n'kugwera uko. Ana aja anagwa nako kuseka. Ine ndinakonza kolala n'kunena kuti, "Moto ulipo."

Oyilo anali wokhuthala ngati uchi, wotsika pa kachitsulo koyezera monyinyirika. Pambuyo pake ndinamva kuti oyilo wotere ndi amene amatseka pakamwa injini yogogoda. Tsikulo ndinati ndi chizindikiro cha chisamaliro. Kenako ndinayala katoni n'kulowa pansi ndi tochi. Ndinaona mapaipi, mabawuti, zowotcherera zambirimbiri zotupa ngati zipsera. Palibe chimene ndinatolapo. Ndinawerenga chamumtima mpaka 100 kuti anthu aone ngati ndikufufuza, galu wa madala akundinunkhiza khutu, ndipo ndinatuluka ndikuti, "Pansi pali bwino."

Apa madala anayang'ana foni n'kuusa moyo. Akuti munthu wina wa ku Zomba anali m'njira ndi ndalama m'chikwama. Musandifunse zambiri. Ndinatumiza chikole cha K300,000 pafoni ndisanagwire n'chiwongolero chomwe.

M'kati munkanunkha ubwana wanga. Koma pa dashibodi panali zachilendo: maswichi atatu oyera, a magetsi a m'nyumba enieni, omangidwa ndi masikuluwu.

"Iyi ndi pampu ya petulo, tinaika yamagetsi," anatero madala. "Iyi ndi fani, yamagetsinso, chifukwa ya Toyota inkakhula rediyeta. Iyi yachitatu musaikhudze."

Ndodo ya magiya ya pachiwongolero, imene bambo anga ankaikankha ndi zala ziwiri, inalipo koma ntchito yake inali kukolekapo jumbo. Magiya enieni anatulukira pa chibowo chimene anaboola pansi, moti ukayang'ana m'mbali mwa ndodoyo unkaona msewu. Kamnyamata kaja kanakwera kumbuyo katanyamula chimwala.

"Nanga uyu?"

"Ameneyo ndi handibuleki, bwana."

Ndinaseka, poganiza kuti madala ndi anthabwala, ndipo ndinati mwanayo atsale. Katswiri amafuna kumva galimoto popanda katundu wowonjezera. Madala anatsekula pakamwa, n'kutsekanso.

Ndisaname, galimoto ija inkayenda. Mabampu a msewu wafumbi inkangowameza, thupi likuyandama ngati bwato pa Shire. Misozi inalengeza. Ndinayang'ana wotchi ya liwiro, inkaloza 110. Ndikunyadira choncho, wakabaza anatipitirira atanyamula mayi ndi thumba la makala, n'kutipatsa moni.

Titayamba kukwera kachitunda, ndinaona masamba atayalidwa pamsewu. Maliro. Aliyense woleredwa amadziwa chochita: wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wagalimoto amazimitsa wailesi n'kudutsa mwakachetechete. Anthu anali khamu mbali zonse, azibambo pansi pa mtengo, amayi a mvano atavala zoyera, abusa ataimirira ndi Baibulo. Koma fani ya madala inkalira ngati chigayo. Ndinati ayi, ine ndine mwana wa munthu, ndiizimitse kaye mpaka tidutse. Ndinatambasula dzanja, maso ali kwa abusa, n'kudina swichi yakumapeto.

Hutala. Osati wa Peugeot. Hutala wa lole, wa mapaipi awiri, amene amathamangitsa ng'ombe pa M1.

Ndipo swichi ya m'nyumba, paja, sibwerera yokha. Ndinaimenya kuti izime, kabatani kake n'kuthyokera m'kati. Ndinamenya zinazo. Fani inazima, pampu inazima, phazi linachoka pa kilachi, injini inatsokomola kamodzi n'kufa, pakhomo penipeni pa siwa. Chimene chinatsala ndi moyo m'galimoto monse ndi hutala.

Kenako tinayamba kubwerera chambuyo. Ndinaponda buleki, inagwira pang'ono. Kupondanso, inauma ngati mwala, poti injini ikazima mphamvu yothandizira buleki imathanso. Ndinakoka handibuleki, inabwera yonse m'manja mwanga mopepuka, yosamangirira ku chilichonse. Handibuleki yeniyeni ndinali nditaisiya pansi pa mango ikudya chinangwa.

Nyimbo inadukira pakati. Amayi anabalalika ndi mbale za nsima. Adzukulu, fumbi la kumanda lili m'miyendo, anathamangira galimoto n'kuigwira, ena kutsogolo ena kumbuyo, wina akukuwa kuti "Mwala! Mwala!" Ndinacheuka kuti ndifunse madala chochita. Mpando unali wopanda munthu. Ndinawaona patapita nthawi, atakhala pakati pa azibambo, chipewa chili pabondo, nkhope yachisoni kuposa anamfedwa.

Munthu wina wa jekete lakuda anatsekula boneti osafunsa pokokera, anapotokola waya wa batire ndi dzanja limodzi, dziko lonse n'kuti zii. Anatseka boneti pang'onopang'ono, tinayang'anana kudzera pagalasi.

"Alamu," anatero. "Mwadzuka bwanji?"

Maliro a mayi a mnzawo wa kugalaja aja. Sindinafunse kuti ali kuti.

Ananditengera kwa amfumu, ndinakhala pansi, manja ndikuwomba. Amfumu anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, gogo amene wagona m'nyumbamu anali wogontha zaka khumi. Lero wamva." Anthu ena anabisa nkhope m'zipewa. Mlandu unagamulidwa mbuzi. Alamu anapepesa m'malo mwanga, akuti ndine munthu wabwinobwino, wa ntchito yake, kungoti ndikaona galimoto yakale mutu umaima. Mawu amenewa anandipweteka kuposa waya wa pulagi uja, koma anatsitsa mbuzi kufika pa nkhuku ziwiri. Ndinaperekeza nawo maliro mpaka kumanda, ndipo nyimbo ndinaimba mokweza kuposa onse.

Titabwerako alamu anavula jekete, anandipatsa kuti ndigwire, n'kupempha katoni yanga. Pansi anakhalamo nthawi yochepa kuposa ine.

"Lowani muone."

Ndinalowa. Analoza ndi tochi yanga yomwe.

"Pijo shafuti yake siyenda pamtunda ngati ya Hilux. Imadutsa m'kati mwa chipaipi chimene chimamanga giyabokosi ndi difu ya kumatayala akumbuyo kuti zikhale chinthu chimodzi. Giyabokosi ya Toyota sigwirizana nacho. Ndiye onani, anachidula apa, n'kuwotchererapo paipi ya madzi. Iyi ndi paipi ya mjigo, alamu." Anasuntha tochi. Injini inakhalira zidutswa za tayala m'malo mwa mamawuntini. Sampu, chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini, inali itakhula chitsulo chopingasa mpaka kuwala, kutsala pang'ono kubooka. Paipi ya mafuta a buleki anaimangirira ku ekizozi ndi waya, kuti aziphikidwa bwino.

"Kusintha injini si tchimo, ifenso timasintha," anatero akudzikoka kutuluka. "Koma injini yachilendo silowa mwaulemu, pamakhala chimene chadulidwa. Mukanangowafunsa madalawa kuti munadula chiyani, ndipo anawotcherera ndani. Mwaona bulu buku?"

Sindinaione. Madala, amene tsopano anali atatulukira akutokosa m'mano, anaitulutsa m'thumba monyinyirika. Nambala ya injini inali ya Peugeot yakale ija ya 1971 cc, imene mwina pano ikupopa madzi kudimba la munthu. Alamu anati ndi pepala lotere, posintha umwini ndikanayenda mpaka nsapato kutha.

Ndinapempha chikole changa. Madala anati chikole sichibwerera, komanso ndawathyolera swichi, ndawachititsa manyazi pamudzi, ndipo munthu wa ku Zomba uja wabwerera panjira atamva hutala. Alamu anawatengera pambali, anayankhula nawo motsitsa akuloza paipi ya mjigo ija, mpaka theka linabwera. Potsanzikana madala anatola kamkango, kamene kanagwa adzukulu akulimbana ndi galimoto, n'kundipatsa. Akuti aona kuti ndimakakonda.

Mu minibasi yobwerera ndinakafumbata njira yonse. Ndinati zonse zapita, koma ichi chokha n'chenicheni, chochokera ku France, chonga chimene ndinkakwecha ku Thyolo. Tili pa Kameza alamu anati ndiwabwereke. Anakapinda ndi zala ziwiri, n'kukatembenuza. Kumbuyo kwake kunali zilembo zofiira za chitini cha mafuta ophikira.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Mayi a kunyumba sananene kanthu. Anagwira nkhuku ziwiri m'khola lawo, zazikazi zoikira, anazimanga miyendo n'kundipatsa kuti m'mawa ndikapereke kwa amfumu. Kamkango anakakhomera ndi msomali pachitseko cha kholalo, ndipo mlendo aliyense akafunsa, amamuuza kuti ndi galimoto ya bambo.