Lachitatu, tsiku la makadi osaoneka

Ndikulemba izi usiku, m'maso mukadali zilembo zobiriwira za sikirini ya 3270, imene timalankhulira ndi mainframe. Papepala ntchito ya lero inkaoneka yopepuka: kuika Linux pa mainframe yathu, kompyuta yaikulu ya IBM, m'kati mwa z/VM, pulogalamu imene imagawa mainframe kukhala makina ambiri ongoyerekezera, kenako kuikapo seva ya Java yoti anzathu olemba mapulogalamu aziyeserapo ntchito zawo. Dzulo ndinauza abwana kuti pofika masana ndikhala nditathana nayo. Ndinafulumira kukamwa.

M'mawa cha m'ma 8 koloko ndinapeza akulu amene amasamalira z/VM atandikonzera kale malo. Makina ongoyerekezera amene amakhala pansi pa z/VM amatchedwa guest, ine ndimangoti mlendo. Anandipatsa kapepala kolembedwa pamanja: dzina la mlendoyo, memory ya 4 GB, mapurosesa awiri a IFL, madisiki awiri a mainframe otchedwa DASD ndi maadiresi ake, ndiponso khadi la netiweki pa 0600. Kuno chipangizo chilichonse chili ndi nambala yake yosapitirira zilembo zinayi, ndipo ukalakwitsa imodzi palibe amene angakulozere. IFL ndi purosesa ngati ina iliyonse ya m'makinamo, kungoti inapatulidwa kuti iziyendetsa Linux ndi z/VM basi, osati z/OS, operating system ina ya mainframe.

Chimene chimandiseketsa mpaka pano ndi njira yoyambitsira pulogalamu yoikira Linux. Palibe pobaya flash. Umatenga mafayilo atatu, kernel, fayilo ya zoikamo zoyambira, ndi initrd, n'kuwaboola pa makadi. Makadi enieni a pepala aja kulibe, anatha kalekale, koma z/VM imasungabe makina oboolera pa adiresi 00D ndi owerengera pa 00C, onse a m'maganizo chabe. Umatumiza mafayilowo ndi lamulo la PUNCH, amakagwera mu reader yako yomwe, makina owerengera aja, kenako umalemba IPL 00C, lamulo loyambitsa mlendo kuchokera pamenepo, ndipo Linux imadzuka kuchokera m'mulu wa makadi amene sunawaonepo.

Ndipamene ndinapunthwa koyamba. PUNCH inakana kernel, ikuti mzere wapitirira muyezo. Ndinabwereza kawiri, ngati kuti kubwerezako kusintha kanthu. Akulu aja anali kuseri kwanga akuyang'ana, osanena chilichonse, mpaka ndinatembenuka.

"Achimwene, fayiloyo mwaitumiza bwanji?"

"Pa FTP, mwa binary, monga mwa masiku onse."

"Nanga khadi limodzi limalowa zilembo zingati?"

Ndinangogwira kumutu. Khadi limalowa 80. Fayilo iyenera kufika ku CMS, mbali ya z/VM imene imasunga mafayilo ako, itadulidwadulidwa m'mizere yofanana ya mabayiti 80, ndipo zimenezo umaziuza FTP usanayambe kutumiza. Ndinaiwala kamzere kamodzi kokha. Nditatumizanso, zonse zinalowa bwinobwino.

Podikira ndinkaganiza za ukalamba wa zinthuzi. Banja la makinawa linayamba ndi System/360 ya IBM mu 1964, VM/370 inabwera mu 1972, ndipo Linux inangolowa m'nyumbamu kumapeto kwa 1999. N'chifukwa chake mpaka lero mapaketi ake amalembedwa s390x, dzina lochokera ku System/390 ngakhale makinawo anasintha maina kangapo. Red Hat, SUSE ndi Ubuntu onse amatulutsa Linux ya s390x. Mlendo wabwera ndi makhalidwe ake, koma pakhomo amalowa motsata mwambo wa eni nyumba.

Sikirini ya 3270 nayonso ili ndi mwambo wake. Siitumiza chilembo chilichonse pamene ukuchilemba, imadikira ukanikize Enter n'kutumiza mzere wonse. Ndiye mapulogalamu ogwiritsa ntchito sikirini yonse monga vi ndi top iwalani. Ikadzaza imaima n'kulemba MORE pakona, kudikira uifufute. Ukafuna kuimitsa lamulo umachita kulemba kachizindikiro ka ^ ndi chilembo c ngati mawu wamba. Munthu amangofuna netiweki idzuke msanga kuti athawire ku SSH, njira yolowera mu Linux kudzera pa netiweki.

Koma netiweki sinadzuke. Khadi la netiweki la qeth limafuna maadiresi atatu otsatizana, lowerengera, lolembera ndi lodutsa deta, ndiye ndinayang'ana 0600, 0601 ndi 0602 kangapo konse, zonse zili m'malo mwake. Adiresi ya IP inali yolondola. Ping osabwerako. Ndinataya pafupifupi ola lathunthu ndikukayikira Linux, chonsecho vuto linali pansi pake. Mlendo saloledwa kulumikizika ku VSWITCH, switch ya netiweki yongoyerekezera ya z/VM, popanda chilolezo, ndipo chilolezo cha mlendo wangayu chinali chisanaperekedwe. Akulu aja analemba GRANT, ine ndinalumikizanso khadilo ndi COUPLE, ping inayamba kuyankha nthawi yomweyo. Anangoti, "Pepani achimwene, apa ndiye ndine," n'kubwerera pampando wawo. Tinafanana, chimodzi kwa chimodzi.

Madisiki sanandivutitse kwenikweni, kungoti amadya nthawi. DASD ya mtundu wa 3390 model 9 ili ndi masilinda 10017, ndipo ukaikonza ndi dasdfmt m'mabuloko a 4096 umatsala ndi malo ongopitirira pang'ono 7 GB. Disiki imodzi simungaigawe kupitirira magawo atatu, choncho ndinaphatikiza ziwirizo ndi LVM, imene imalumikiza madisiki kukhala ngati imodzi. Ya chiwiri poyamba sinkaoneka n'komwe, mpaka nditaichotsa pamndandanda wa cio_ignore, umene umabisa zipangizo kuti Linux isamataye nthawi kuyendera mazanamazana a maadiresi osaikhudza. Ndalembanso pakapepala ndi kumata pasikirini: ukasintha kernel kapena initrd pamanja, thamangitsa zipl, pulogalamu imene imakonza podzukira Linux. Iyo imasunga malo enieni pamene mafayilowo agona padisiki, ndiye ukaisiya ndi zakale, tsiku loyambitsanso makina udzalira.

Itakwana 2 koloko ndinalowa pa SSH, ndipo zachilendo zonse zinathera pomwepo. Bash yomweyo, systemd yomweyo, mafayilo ali m'malo awo a masiku onse. Munthu atakukhazika pamenepo osakuuza, ungagwire ntchito theka la tsiku osadziwa kuti uli pa mainframe, pokhapokha utalemba uname. Java inalowa mosavuta. Open Liberty, seva ya Java ija, ndi nkhani yongomasula fayilo, kupanga seva, ndi kukonza server.xml. Chokhacho chofunika kukumbukira n'chakuti ikangoikidwa imamvetsera pa localhost pokha, ndiye uyenera kuiuza kuti ilandire ochokera kunja pa 9080 ndi 9443, n'kutsegulanso firewall. Ndinailembera fayilo ya systemd kuti izidzuka yokha. Mphindi 40 sizinakwane.

Kenako pulogalamu ya anzathu inagwa ikungoyamba kumene, ndi UnsatisfiedLinkError.

Anthu amakonda kunena kuti Java imayenda paliponse, ndipo n'zoona malinga ngati zonse zili m'Java. M'kati mwa jar ina munabisala kafayilo ka .so kochita kumangidwa ndi C. Nditakafunsa ndi lamulo la file kanayankha kuti ndi ka x86-64, LSB. Makina athu amafuna ka S/390, MSB. Kusiyanako sikuli pa malamulo a purosesa pokha ayi. Mainframe ndi big-endian, imasunga nambala kuyambira ku bayiti yaikulu, pamene x86 imayambira ku yaing'ono. Ndiye ngakhale utapeza source n'kumanganso, ngati wolembayo ankaganiza kuti dziko lonse limawerenga mabayiti ngati laputopu yake, pulogalamu imatha kuyenda koma n'kumatulutsa manambala opotoka. Chimenecho ndicho ndimaopa kuposa kugwa, chifukwa yagwa umaiona.

Ndinaimbira mayi amene amatsogolera gulu la olemba pulogalamuyo. Anamvetsa msanga, anati library imeneyo ili ndi njira ina ya Java yokhayokha, yochedwerapo pang'ono, ndipo aisintha mawa. Tisanadule anawonjezera pempho.

"Bambo, mutiwonjezereko memory ifike 16 GB. Pa maseva ena aja timakhala ndi yoteroyo."

"Mayi, tiyeni tiyambe taona mmene iyendere ndi imene ilipoyi. Ikachepa ndikuwonjezerani tsiku lomwelo."

Sanakondwe kwenikweni, ndinamva m'mawu awo. Koma apa ndipamene chizolowezi cha maseva wamba chimapweteketsa. Linux ikaona memory yopanda ntchito imaidzaza ndi cache, makope a zimene yawerenga padisiki, ndipo pa makina ako wekha zimenezo n'zabwino. Pansi pa z/VM memory yeniyeni ndi ya alendo onse. z/VM siidziwa kuti zimene mlendo wasungazo ndi cache chabe, imangoona masamba ogwiritsidwa ntchito, ndiye malo akachepa imayamba kuwasamutsira ku disiki, onse n'kuyamba kutsimphina. Mlendo wonenepa amadyera anzake. Njira imene akulu aja anandiphunzitsa ndi kumupatsa yongokwanira heap ya Java ndi zina zofunika, n'kumuikira swap pa VDISK, disiki imene ili m'memory ya z/VM momwemo. Akayamba kuigwiritsa ntchito kwambiri, ndiye kuti wapempha moona. Ndimayang'ananso steal time mu top, imene imasonyeza nthawi imene mlendo anafuna purosesa koma inali kwa mnzake. Lero inali pafupi ndi ziro.

Chakumadzulo ndinayesa kuyambitsanso mlendoyo kuchokera pa DASD, osati pa makadi. Anadzuka, madisiki onse awiri anaoneka, netiweki inabwera yokha, Liberty nayo inaimirira, kungotsala pulogalamu yodikira mawa ija. Ndinapempha akulu aja kuti chilolezo cha VSWITCH achilembe pokhazikika, chifukwa cholemba pamanja chija chimatha z/VM ikangoyambitsidwanso, ndipo anachita ndili pomwepo.

Ndikunyamuka, zala zinali zitalemba kale #CP LOGOFF pa 3270, mwa chizolowezi. Pa z/VM kutero n'chimodzimodzi kuzula chingwe cha magetsi cha mlendoyo, Linux ili m'kati mogwira ntchito. Ndinaona ndisanakanikize Enter. Ndinafufuta, ndinalemba #CP SET RUN ON, kenako #CP DISC, zimene zimakuchotsa pasikirini mlendo akugwirabe ntchito, ndipo ndinayang'ana kaye pa SSH ngati akupumabe ndisanatseke laputopu. Akulu aja anali atatuluka kale, sanaone.