Musanakhudze RAM, yambani ndi serial: kuphunzitsa coreboot chipset ya bolodi lanu

Mwa makompyuta akale amene amagulitsidwa ku Town Centre ndi m'mashopu a mu Cairo Road ku Lusaka, mupezabe a Intel a m'badwo wa Sandy Bridge ndi Ivy Bridge, a 2011 ndi 2012. Wofuna kuphunzira kulemba firmware, pulogalamu yoyamba imene imadzutsa kompyuta, ayambire pamenepa. coreboot, firmware yolowa m'malo mwa BIOS ya kufakitale, imene inayamba mu 1999 ku Los Alamos ndi dzina la LinuxBIOS, ili ndi code yotseguka yodzutsira RAM pa makina amenewa, pamene pa atsopano ambiri mumadalira FSP, code yotsekedwa ya Intel imene simungaione mkati. Chimene chimagwetsa oyamba ambiri ndi kudumpha dongosolo: amathamangira RAM ndi zithunzi pa sikirini, bolodi lisanayambe kuwauza pamene laima kudzera pa serial, doko lotumizira mauthenga ku kompyuta ina.

Choyamba sungani zimene zili mu SPI flash, kachip kamene kamasunga BIOS. Chotsani batire ndi chingwe cha malaiti, panani kachip ka miyendo 8 ndi clip ya SOIC-8, ndipo muwerenge kawiri ndi `flashrom -p ch341a_spi -r`. Mafailo awiriwo afanane pa sha256sum. Akasiyana, clip sinagwire bwino kapena mawaya atalika. Samalani ndi CH341A yakuda yotchipa, chida chowerengera ndi kulembera kachipko: zambiri zimapereka 3.3V pa mwendo wa mphamvu koma 5V pa mizere ya data, choncho yezani ndi multimeter musanailumikize. Chip ya 1.8V imafuna adapter yakeyake. Muonenso kuti machip alipo angati: ThinkPad X230 ili ndi awiri, ya 8MB ndi ya 4MB. Popeza malaiti kuno amatha kuzima kulemba kuli pakati, makina olembera akhale laputopu ya batire yodzaza. Mu failo yosungayo `ifdtool -x` imatulutsa magawo a flash otchedwa descriptor, ME ndi GbE, zimene mudzazibwezera mu image yanu.

Kenako yatsani Linux pa BIOS ya kufakitale ndi kutola zonse: `lspci -nn`, `inteltool`, `superiotool -d`, `acpidump`, ndi `ectool` ngati ndi laputopu. Pa m'badwo umenewu autoport, pulogalamu ya coreboot, imasonkhanitsa zimenezi n'kukupangirani devicetree.cb ndi gpio.c zoyambira. Muziwerenge mzere ndi mzere, makamaka GPIO, miyendo ya chipset imene mumaiuza kulandira kapena kutulutsa mphamvu, chifukwa mwendo woyenera kulandira mukauuza kuti utulutse mphamvu, mutha kuwotcha chinthu pa bolodi.

Tsopano pa serial, pamene pagona nkhani yonse. CPU ikadzuka imayambira pa 0xFFFFFFF0, RAM kulibe, ndipo bootblock, gawo loyamba la coreboot, imagwiritsa ntchito cache ya CPU ngati RAM. Pa nthawi imeneyi sikirini ndi yakuda, ndiye njira yapafupi yomvera bolodi ndi manambala a POST pa port 0x80 kapena COM1, doko la serial, pa 0x3F8. Koma COM1 ili mu chip ina, Super I/O, imene ili kuseri kwa LPC bridge ya chipset pa 00:1f.0. Zitseko ndi ziwiri, ndipo zonse ziyenera kutseguka. Cha chipset chili pa register 0x80 ndi 0x82: pamenepo mumalola kuti 0x2E/0x2F ndi COMA, dzina la COM1 ku chipset, zidutse kupita ku LPC. Mukaiwala, chilichonse chimene muwerenga chimabwera 0xFF, ndipo munthu amataya masiku akuganiza kuti Super I/O yafa.

Chitseko chachiwiri, cha Super I/O, chili ndi kiyi wosiyana malinga ndi kampani. Ku Nuvoton ndi Winbond mumalemba 0x87 kawiri pa 0x2E, potuluka 0xAA. Ku ITE ndi 0x87, 0x01, 0x55, 0x55. Mukalowa, werengani kaye register 0x20 kuti muone ID ya chip. Ikafanana ndi imene superiotool inakuonetsani, njira yatseguka. Sankhani UART, gawo la serial, pa register 0x07, ikani 0x03 pa 0x60 ndi 0xF8 pa 0x61, yatsani ndi 1 pa 0x30. Mabolodi ena amaika Super I/O pa 0x4E, ndipo pamenepo nambala yomaliza ya ITE imakhala 0xAA.

Zilembo zikatuluka zosawerengeka pa 115200 8N1, kaikirani wotchi ya Super I/O, chifukwa ina imalandira 24MHz, ina 48MHz, ndipo pa ITE mumasankha pa register 0x23. Bolodi likamadziyambitsanso lokha pakapita masekondi ochepa, ndi watchdog ya ITE, kawotchi koyambitsanso makina akaima, imene simunaizime. Pa mawaya pali misampha iwiri. Mapini a COM pa bolodi la desktop ndi RS-232 yeniyeni, imene imafika pafupifupi 12V mbali zonse ziwiri, ndiye ka USB-TTL ka 3.3V kamene okonza mafoni amakhala nako kakhoza kupsa. Pamafunika adapter ya RS-232 ndi chingwe cha null modem. Komanso kandandalikidwe ka mapini 10 amenewo kali ndi mitundu iwiri, choncho yezani mwendo wa ground musanalumikize. Laputopu yopanda serial imalankhula kudzera pa EHCI debug ya pa doko la USB, kapena muuze coreboot kuti izilemba log mu flash momwemo, inu n'kuiwerenga ndi clip. Njira yomalizayi ndi yochedwa, koma imaposa kungolota.

Log ikayamba kutuluka, za RAM zimafupika. Romstage, gawo lodzutsa RAM, imawerenga SPD, ka EEPROM kofotokoza RAM, ka mabaiti 256 pa DDR3, kudzera pa SMBus ya pa 00:1f.3. Ntchito yanu ndi kuuza code kuti slot iti ili pa adilesi iti. Musaganize kuti ndi 0x50 ndi 0x51; mabolodi ambiri a maslot awiri ali pa 0x50 ndi 0x52. Onani ndi `i2cdetect`, RAM imodzi panthawi. Zotsatira za training, kuyesa ndi kukonza makonzedwe a RAM, zimasungidwa mu MRC cache, ndipo popanda malo amenewo mu flash makina sadzuka akagonekedwa (S3).

Mu ramstage, gawo loyamba RAM itadzuka, ndi mmene driver yeniyeni imakhala. Nthawi zambiri ndi `struct pci_driver` yokhala ndi vendor 0x8086 ndi mndandanda wa ma device ID, yolozera ku `device_operations`. Chipset yanu (PCH) ikakhala ya banja lodziwika koma ID yake mulibe, coreboot siidandaula mokweza: imangoitenga ngati chida wamba cha PCI, `init` yanu osaitanidwa. Yerekezani ID ya mu `lspci -nn` ndi mndandandawo musanalembe code yatsopano. Ndimaika mtima kwambiri pa `read_resources`, chifukwa ndi pamene anthu amachita ulesi. Malo okhazikika monga RCBA, ma register a chipset pa 0xFED1C000, ayenera kulengezedwa, apo ayi wogawa maadilesi akhoza kuika maadilesi (BAR) a khadi lina pamwamba pake, ndipo vutolo limadzaoneka patali, tsiku limene wina walowetsa khadi la PCIe.

SeaBIOS, pulogalamu imene coreboot imaisiyira ntchito, ikayatsa Linux musafulumire kusangalala. Werengani `cbmem -c` ndi `dmesg`. Uthenga wakuti "nobody cared" pa IRQ umaloza ku njira za interrupt zimene sizikugwirizana ndi _PRT, mndandanda wa njirazo wa mu ACPI. Yesani doko lililonse la USB ndi SATA, mawu, fani pamene CPU yatentha, kugona ndi kudzuka, komanso kuyatsa mutazula chingwe kwa kanthawi, chifukwa register zina zimasunga zimene BIOS yakale inaika mpaka mphamvu itatheratu.

Potumiza ku review.coreboot.org, patulani zosintha za chipset ndi za bolodi, commit iliyonse ndi Signed-off-by yake. Lembani zimene mwayesa ndi zimene sizikugwirabe, ndipo phatikizani log ya cbmem kuti oyang'ana aone okha pamene makinawo adutsa.