Usiku umene ndinasaka netiweki mu chifunga

Ntchito yake inali yochepa: pulogalamu ya Python ilumikizane ndi Elasticsearch, pulogalamu yosunga ndi kufufuza zinthu mwachangu, kuti sitolo ina ya masipeya ku Luwinga izipeza katundu pongolemba dzina. Ndinauza abwana kuti tiyi wawo asanazizire ndikhala nditamaliza. Ku Mzuzu, mwezi wa June.

Ndinalemba http://localhost:9200 monga ndinkachitira pa Elasticsearch version 7. Yankho: Connection refused. Seva inali itafa kale, chifukwa Elasticsearch ukaisiya yokha imadzitengera theka la RAM, ndipo laputopu yanga ya 4GB inali itasenzanso Chrome. Ndinaika -Xms1g ndi -Xmx1g, zoichepetsera RAM imene imatenga, mu fayilo ya mu config/jvm.options.d, seva n'kudzuka. Ndinadziguguda pachifuwa.

Kenako curl, pulogalamu yoyesera kulankhula ndi seva, inati Empty reply from server. Ndinayesa port 9300, yomwe ndi yolankhulirana ma node (ma seva a Elasticsearch) okhaokha, osati alendo ngati ine. Zii. Apa ndinagamula kuti vuto ndi netiweki. Ndinagula bandulo, n'kutuluka panja cha m'ma 10 usiku, laputopu m'mwamba, mano akugundana. Kumbukirani, seva ndi pulogalamu zonse zinali mu laputopu momwemo, intaneti sinkafunika ngakhale pang'ono. Alonda anandiunika ndi tochi: "Achimwene, ngati ndi mapemphero, lowani mkati, Mulungu amamva ngakhale muli m'nyumba."

M'mawa, mtsikana wophunzira ntchito anatsegula fayilo ya log, momwe seva imalembamo zimene zikuchitika, imene ine sindinaiyang'ane usiku wonse. Munali mzere umodzi wobwerezabwereza: received plaintext http traffic on an https channel. Kuyambira version 8 chitetezo chimabwera choyatsayatsa. Seva imafuna https (http yotetezedwa), dzina la elastic ndi password yake, komanso satifiketi ya http_ca.crt imene imakhala mu config/certs.

Anawonjezera s pa http. Mu pulogalamu ya Python analoza ca_certs ku satifiketi ija, n'kuika basic_auth, pamene pamalowa dzina ndi password. Password imaonekera kamodzi kokha, seva ikamayaka koyamba, ndipo ine ndinali nditatseka windo lake osawerenga. Iye anangolemba bin/elasticsearch-reset-password -u elastic, yatsopano n'kutuluka. Ndinanong'ona zoika verify_certs=False, yosiyitsa kutsimikiza satifiketi, kuti tifulumire; anandiyang'ana ngati ndati tichotse chitseko popeza kiyi akuvuta.

Mphindi zinayi, masipeya mbwee pa sikirini. Ine chimfine chili tho, mphuno ikuchucha.

"Bwana," anatero mwaulemu, "bandulo ija yatsalako? Mundigawireko."