Phulusa wayamba kumeza mapeleti, ndipo sikelo ikuvomereza

Anzanga oweta zinkhwe, sabata ino ndabwera ndi nkhani yabwino: Phulusa, cockatiel (mtundu wa zinkhwe zazing'ono) wanga wamwamuna amene chibadwire wakhala akudziwa njere zokhazokha, wayamba kudya mapeleti, timibulu ta chakudya cha mbalame chopangidwa ku fakitale. Ndikunena kudya kwenikweni, kumeza mpaka kukhuta, osati kuphwanya ndi kumwaza monga ankachitira poyamba. Kulemera kwake kunatsika kuchoka pa magalamu 94 kufika pa 89, koma tsopano kukukwera pang'onopang'ono, moti lero m'mawa sikelo inaima pa 92.

Chimene chinandiyambitsa ntchitoyi ndi ulendo wa kwa dokotala wa ziweto, amene atamugwira pachifuwa ndi pamimba anandiuza kuti mafuta ayamba kuchuluka ndipo nthenga zake zikusonyeza kuti zakudya zina zikusoweka m'thupi. Njere zili ndi mafuta ambiri koma vitamini A ndi kashiamu n'zochepa, ndipo mbalame yokhala m'khola ikamadya zimenezi zaka ndi zaka, chiwindi chimakutidwa ndi mafuta. Anthu ena amati cockatiel ndi mbalame ya njere basi, ndipo n'zoona kuti kwawo ku Australia imadya njere za udzu, koma kumeneko imauluka mitunda italiitali kufunafuna madzi ndi chakudya, pamene Phulusa ulendo wake wautali ndi wochoka pakamtengo kupita pambale. Kuonjezera apo, m'chisakanizo chonse cha njere iye ankatolamo mpendadzuwa ndi mawere, zotsalazo n'kuzisiya.

Njira imene ambiri timayambira ndi yosakaniza mapeleti ochepa m'njere, kenako n'kumachepetsa njerezo sabata ndi sabata. Kwa Phulusa njirayi sinaphule kanthu. Ankalowetsa mlomo m'mbale, n'kupukusa mutu uku ndi uku mpaka mapeleti onse atagwera pansi pa khola, ndipo akamaliza kusefa ankadya mawere ake mwamtendere. Ndinafika poona kuti nkhani si ya kukoma kapena kusakoma, chifukwa sanali kulawa n'komwe. Kwa iye mapeleti anali ngati timiyala togwera m'chakudya, tofunika kuchotsa.

Vuto limene linandidyera nthawi yaitali linabwera pambuyo pake, pamene ndinaika mapeleti m'mbale yakeyake. Madzulo aliwonse ndinkapeza mapeleti atachepa ndipo pansi pa mbale pali ufa wambiri, zomwe aliyense angaganize kuti mbalame yayamba kudya. Ndinamuyang'anitsitsa ndili chapafupi: ankatola peleti imodzi, n'kuizunguza ndi lilime pakati pa milomo monga amachitira posenda njere, ikasweka n'kuisiya igwe, kenako n'kutola ina. Ankafunafuna chakudya m'kati mwa chinthu chimene ankachiyesa khoko, ndipo posapezamo kanthu ankangotaya zonse. Pakhosi sipankadutsa kalikonse. Apa m'pamene pali ngozi yaikulu pa ntchito yonseyi, chifukwa cockatiel angathe kufooka ndi njala mbale ili yodzaza, ndipo poti mbalame zimabisa kudwala, mwiniwake amadzazindikira zinthu zitafika kale poipa.

Zinthu ziwiri ndizo zinandiuza zoona. Choyamba ndi sikelo ya magalamu, imene ndinamangirirapo kamtengo koti aziterapo. Ndimamuyeza m'mawa uliwonse asanadye ndiponso atachita chitosi choyamba, ndipo nambalayo ndimailemba m'kope. Kuyeza nthawi zosiyanasiyana n'kosathandiza, popeza mbalame yolemera magalamu osakwana 100 imasintha kulemera ikangodya kapena kumwa. Chachiwiri ndi pepala loyera limene ndimayala pansi pa khola ndi kulisintha tsiku lililonse. Pa nthawi imene ufa unkachuluka m'mbale, zitosi zinachepa, zinakhala zing'onozing'ono ndi zobiriwira modera, mbali yoyera ija n'kumaoneka yochuluka kuposa mbali yolimba. Chimenecho ndi chizindikiro cha mbalame imene m'mimba mwake mukudutsa chakudya chochepa. Madokotala a mbalame amachenjeza kuti kulemera kukatsika ndi 10 peresenti, muyenera kuimitsa zonse ndi kubwezera chakudya chakale, ndipo kwa Phulusa malire amenewo anali pafupifupi magalamu 85. Sindinafune kuyandikira pamenepo, choncho atafika pa 89 ndinabwerera m'mbuyo.

Ndimatsutsana kwathunthu ndi malangizo akuti muchotse njere zonse, mbalame ikamva njala idzadya yokha. Mwina zimatheka ndi mbalame zina, koma cockatiel wosadziwa kuti peleti ndi chakudya sangaphunzire chifukwa cha njala. Zimene ndinachita, mogwirizana ndi dokotala uja, ndi kupereka njere zoyeza bwino kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, kwa kanthawi kochepa, ndipo masana onse m'khola munkatsala mapeleti ndi madzi okha. Kulemera kunasiya kutsika, koma kudya mapeleti kunali kusanayambe.

Zinthu zinasintha nditasiya kugwiritsa ntchito mbale yakuya. Cockatiel mwachibadwa amadyera pansi, akuyenda ndi kutola, ndipo amadya chimene waona anzake akudya. Ndinatenga thireyi yafulati, ndinamwazapo mapeleti aang'ono kwambiri, ofanana kukula ndi njere ya mawere, ndipo ndinaiika patebulo kunja kwa khola pa nthawi imene amakhala ndi njala ya m'mawa. Kenako ndinayamba kugogoda pathireyipo ndi chikhadabo, ndikutola peleti imodziimodzi monga mbalame ikujompha. Anatsika paphewa panga tsumba lili chilili, anaima chapatali n'kupendeketsa mutu kuti aone bwino ndi diso limodzi, ndipo pang'onopang'ono anayandikira mpaka anayamba kulimbirana ndi chala changa. Nditaika kagalasi kakang'ono m'mbali mwa thireyiyo, changu chinawonjezeka, chifukwa ankaona mnzake akudya naye limodzi. Komabe kuphwanya kunali kusanathe. Chimene chinathetsa zimenezo ndi kunyowetsa mapeleti ochepa ndi madzi ofunda mpaka atafewa, n'kukanikizamo njere za mawere, kuti pozula njere iliyonse azimeza ndi phala lomatirira. Atazolowera kakomedwe kake, ndinayamba kuchepetsa madzi ndi mawere, ndipo tsiku lina ndinaona khosi likugwedezeka atangoswa peleti youma. Wofuna kuyesa njira imeneyi akumbukire kuti mapeleti onyowa amasasa msanga, makamaka kukatentha, ndipo ine ndimawachotsa pasanathe maola awiri.

Pa nkhani ya mitundu ya mapeleti, ine ndakhazikika pa Roudybush, makamaka tizidutswa tating'ono tija, ndipo chimandilimbitsa mtima n'chakuti Tom Roudybush, asanayambitse kampaniyo mu 1985, anachita kafukufuku wa kadyedwe ka mbalame ku University of California, Davis, pogwiritsa ntchito ma cockatiel enieniwa. Ndili ndi thumba laling'ono la Harrison's High Potency Super Fine, limene opanga ake amalangiza kuti mbalame yongosiya kumene njere ilidye kwa miyezi 6, ndipo ndikufuna kuti Phulusa azolowere mitundu yonse iwiri kuti wina ukasowa tisabwerere ku njere. Ma Nutri-Berries a Lafeber ndimawaona ngati othandiza pa nthawi ya kusinthayi, poti ndi njere zosenda kale zomatidwa pamodzi ndi zomanga thupi zina, ndipo ndimawaphwanya n'kuwamwaza pathireyi. Mapeleti opaka mitundu ndinawapewa dala, osati chifukwa chakuti ndi oipa, koma chifukwa amasintha mtundu wa zitosi, pamene ine pa nthawi imeneyi ndikudalira zitosizo kuti ndidziwe zimene zikuchitika m'mimba. Zaka zapitazo ndinasinthitsa chakudya cha gulu la ma budgie, zinkhwe zina zazing'ono, ndipo sizinavute chonchi, chifukwa mmodzi wolimba mtima atangolawa, onse anatsatira. Mbalame yokhala yokha ilibe woitsogolera, ndiye udindowo umagwera mwiniwake.

Pakali pano zitosi zakula ndipo zasanduka zofiirira, monga zimakhalira kwa mbalame yodya mapeleti osapaka mtundu. Akumwanso madzi ambiri kuposa kale popeza mapeleti ndi ouma, ndipo nthawi zina amanyamula peleti kukaiviika m'madzi, zomwe zikundichititsa kusintha madziwo kangapo patsiku. Ufa ukupezekabe m'mbale, koma wachepa kwambiri, ndipo sindikuutaya: ndimauwaza pamasamba onyowa.

Cholinga changa si chakuti adye mapeleti okhaokha. Madokotala ena a mbalame amachenjeza kuti ma cockatiel a mitundu yosinthika monga lutino (oyera kapena achikasu) amatha kuvutika impso akamadya mapeleti okha, ndipo ngakhale Phulusa ndi wotuwa wamba, ndikufuna kuti mapeleti akhale gawo lalikulu, masamba ndi karoti zitsatire, njere zikhale zochepa ndi zophunzitsira. Masambawo akuwaopabe, moti akaona chobiriwira amathawira pakamtengo kapamwamba, choncho thireyi ndi kagalasi zili ndi ntchito ina patsogolo. Ndikuganiziranso zoyamba kumeretsa njere kuti azidya zitangophuka, ndi kupita naye kukayezetsa magazi pakatha miyezi ingapo kuti tione mmene chiwindi chilili. Zonsezi zikayenda bwino, ndikufuna kumanga khola lalikulu loti aziulukamo, lokhala ndi malo a pansi omwazapo chakudya, mwinanso kumupezera mnzake wamng'ono woleredwa pa mapeleti kuyambira ali mwanapiye.