Njoka za m'thewera

Kwa miyezi 6 yathunthu mwana wathu woyamba sanalawe kanthu kena kupatula bere, ndipo nkhondo yake kunyumba kwathu ku Chinamwali inali yosasimbika. Apongozi anga, amene anachokera ku Jali kudzathandiza chikuta n'kuiwala njira yobwerera, ankafuna kumumwetsa dawale atangokwanitsa miyezi itatu. "Mwana wamwamuna sakhuta bere lokha," ankatero tsiku lililonse. Amake mwana ankangotulutsa kabuku ka kusikelo n'kuwaonetsa mzere ukukwera bwinobwino. Ngakhale madzi ankakaniza, ati mkaka wa m'mawere uli nawo kale okwanira, olo dzuwa liswe mtengo. Ine pankhaniyi ndinalibe mbali. Ndinkangovomera amene wayankhula komaliza.

Miyezi 6 itakwana, alangizi a zaumoyo kusikelo anati tsopano ayambe kudya. Malamulo ake amake mwana anabwera nawo pamtima. Phala likhale la mgaiwa, osati la ufa woyera, ndipo likhale lolimbirako, loti ukapendeketsa sipuni lisayoyoke. Ayambe ndi masipuni awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu patsiku. Muzithiramo nsinjiro, tsiku lina dzira, tsiku lina masamba osinja kapena matemba osinja, kuti magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja azimufikira pang'onopang'ono. Uchi ayi mpaka akwanitse chaka. Ndipo bere lisaleke, lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira apo.

Anakagayitsa chimanga pamodzi ndi soya wokazinga, ndipo ine ndinadzipatsa udindo wolawa ngati phala lazizira. Udindowu ndinkaugwira modzipereka kwambiri moti amake mwana anayamba kuphika kapoto kokulirapo.

Lachisanu lina madzulo ndikuchokera kuntchito ndinagula nthochi zakupsa bwino pa Mpondabwino. Ndinapeza amayi onse awiri ali kuseri akuphika, mwana ali pamphasa akundiyang'ana mkamwa. Ndinanyema theka, n'kulikanya ndi sipuni m'kambale kake, iye n'kumeza zonse mpaka kulirira sipuniyo. Palibe amene anationa, ndipo m'mawa mwake n'kuti nkhaniyo itachoka kale m'mutu mwanga.

Loweruka amake mwana anamuyamwitsa, n'kuthamangira kukwaya kutchalitchi, foni n'kuisiya patchaja. Pasanathe ola mnyamata anafiira nkhope, n'kuchita zake. Nditamasula thewera miyendo inazizira. Munali tinthu takuda, tatitali, towonda ngati ulusi, tambirimbiri, tina topindika. Ndinatiyang'anitsitsa mpaka ndinaona ngati kamodzi kagwedezeka.

"Amayi! Tabwerani mudzaone kuno!"

Apongozi anafika ndi chipande m'manja, anawerama, anadzuka, n'kugwira m'chiuno. "Njoka izi, bambo. Ndinanena ine. Ndi soya wanuyu. Ife tinalera ana asanu ndi dawale, simunamvepo kuti wina watulutsa njoka."

Panalibe nthawi yotsutsana. Iwo anabereka mwana, ine ndinakulunga theweralo bwinobwino, la nsalu lija, n'kuliika m'jumbo yakuda, kumanga kawiri. Ndinkafuna achipatala aone ndi maso awo, asadzati bamboyu akukokomeza.

Pamsewu tinapeza minibasi yochokera ku Songani itadzaza kale, koma kondakitala anati malo alipo, monga amanenera nthawi zonse. Anandilanda jumbo ija n'kuikankhira pansi pa mpando. Pafupi nane panakhala mayi wina wonenepa bwino amene ankauza mnzake kuti apongozi ake aamuna abwera, ndiye wawapezera matemba a ku Kachulu, enieni a m'nyanja ya Chilwa, osati a mchenga aja. Fungo la matembawo linadzaza galimoto yonse, ndipo ine ndinathokoza mumtima, chifukwa linkaphimba katundu wanga. Mayiyo anatsikira panjira tisanalowe m'tauni. Kondakitala anamupatsira jumbo yake pawindo, galimoto ikuyenda kale.

Kuchipatala tinapeza mzere wa amayi pabenchi, aliyense ndi mwana ndi kabuku. Ine sindinakhale. Ndinapita kutsogolo ndikunena mokweza kuti mwana akutulutsa njoka zamoyo. Amayi aja anasuntha okha, wina mpaka anati, "Aloleni alowe, abale." Mwana mwiniwakeyo n'kuti ali kumbuyo kwa agogo ake akuseka ndi aliyense, akuyamwa ngodya ya chitenje.

Anamwino anali mayi wachikulire, wa magalasi otsikira pamphuno. Anandifunsa modekha kuti njokazo zinali zotani. Ndinati, "Asisitala, ine sindilankhula zambiri. Umboni ndabwera nawo." Ndinaika jumbo patebulo. Iwo anavala magolovesi, anabwerera m'mbuyo pang'ono, apongozi anatseka mphuno ndi nsalu, ndipo amayi atatu anasuzumira pakhomo. Ndinalimbana ndi mfundo ija, ndikudabwa kuti ndinamanga liti molimba chonchi, kenako jumbo inatseguka.

Matemba. Oyera bwino, ouma, odzaza mbale ziwiri, pamwamba pali tomato atatu ndi kapaketi ka mchere.

Anamwino anayang'ana matemba, anayang'ana mwana, anayang'ana ine pamwamba pa magalasi.

"Bambo, mwana wanu wachita zimenezi?"

Kukhomo kuja wina anagwa pansi ndi phwete. Nkhani inayenda pabenchi yonse mpaka kwa mlonda kugeti. Apongozi, amene kunyumba anali mboni yoyamba, anayamba kuyang'ana kudenga ngati sakundidziwa.

Amene anandipulumutsa ndi mwana yemweyo. Anamwino akumupima kutentha, anafiiranso nkhope, n'kupereka umboni wina pompo. Anamwino anatsegula, anayang'ana kamodzi kokha, n'kufunsa, "Dzulo wadya nthochi?"

"Ayi," anatero apongozi mwamphamvu. "Phala lokha."

Kunakhala chete. Ndinakanda kumutu. "Kachidutswa kokha, asisitala."

Anatifotokozera kuti nthochi ili ndi timinyewa timene mimba ya khanda siitha kugaya, ndiye timatuluka titada choncho, ndipo makolo ambiri amathamanga nato. Njoka zam'mimba zenizeni zimakhala zoyererako, osati zakuda. Anati mwana akayamba kudya, chimbudzi chimasintha mtundu ndi fungo malinga ndi chimene wadya: masamba chibiriwira, mbatata yofiira mkati ija chichita chikasu. Chothamangira kuchipatala ndi magazi m'chimbudzi, kutsegula m'mimba, kutentha thupi, kusanza chilichonse kapena kukana bere. Nthochiyo anati ndi yabwino, tipitirize, ngakhale mapeyala ndi papaya, bola zokanya bwino ndi manja osamba, ndipo bere lisachepe chifukwa mwana wayamba phala. Pomaliza anandibwezera jumbo, nati matembawo ndikasinje, ndi abwino kuphala la mwana, ngati mwini wake sandipeza.

Apa m'pamene ndinakumbukira mayi uja. Nthawi imeneyo inali itakwana yoti ateleke ndiwo za apongozi ake.

Tinafika kunyumba n'kupeza amake mwana ali pakhonde, atamva kale zonse kwa mayi wina wa kwaya amene mchemwali wake anali pabenchi paja. Anangolandira mwana n'kumuika kubere, mapewa akugwedezeka. Apongozi anati iwo anadziwa kuyambira pachiyambi kuti si njoka, anangondiperekeza kuti ndisasochere.

Matemba a eni sindinawasinje. Lolemba ndinakafunafuna kondakitala uja kudepoti, n'kumupatsa jumboyo pamodzi ndi ndalama ya tomato, poti tomatoyo apongozi anali atathira kale m'ndiwo. Anandizindikira ndisanayankhule n'komwe, n'kuitana anzake onse kuti adzandione. Lachitatu anandiimitsa pa siteji ya Chinamwali.

"Biggie, katundu wafika. Koma mayi aja akuti thewera lanu likadali momwemo, sanalikhudze. Akuti mukatenge nokha, amuna awo akufuna akuoneni nkhope."