Kuphunzira mzinda wa Roma kuyambira pansi pa nthaka mpaka m'mbale

Anthu ambiri amafika ku Roma atalemba kale malo onse otchuka, Colosseum, Vatican, Pantheon, Trevi, n'kufuna kuwamaliza m'masiku awiri. Chimene amakolola ndi miyendo yotupa ndi foni yodzaza zithunzi, koma ukawafunsa chinayamba kumangidwa n'chiti, amangokanda mutu. Mzindawu umamveka bwino ukauyamba ndi funso limodzi: n'chifukwa chiyani Roma wakale ali pansi pa misewu ya lero?

Yankho lili ku tchalitchi cha San Clemente, kamtunda kochepa kuchokera ku Colosseum. Chomwe umalowa ndi cha m'zaka za m'ma 1100. Ukagula tikiti n'kutsika masitepe, umapeza china cha m'ma 300, chomwe omanga anachikwirira ndi zigumukire kuti chikhale maziko. Ukatsikanso, wafika m'nyumba za m'zaka zoyambirira za Chikhristu, muli kachisi wa mulungu Mithras, ndipo kumamveka madzi akuyenda pansi. Moto, kusefukira kwa mtsinje wa Tiber ndi mabwinja zinkakweza nthaka, anthu n'kumangomanga pamwamba. Wansembe wa ku Ireland, Joseph Mullooly, ndiye anayamba kufukula malowa mu 1857. Yambirani kuno musanapite ku Forum, mabwinja a bwalo lalikulu la Roma wakale, chifukwa ukaona zigawo zitatuzi, miyala ya ku Forum siimasokonezanso.

Pantheon, kachisi wakale wa Aroma, ili ndi msampha wake. Pakhomo palembedwa dzina la Agrippa, yemwe anamanga kachisi woyamba pamalopo, koma nyumba yomwe ilipoyi inamangidwa m'nthawi ya mfumu Hadrian, cha m'ma 126. Denga lake lozungulira ndi lotambalala mamita 43, la konkire yopanda zitsulo. Silinagwe chifukwa omanga ankachepetsa kulemera akamakwera: m'munsi ndi lokhuthala pafupifupi mamita 6 ndipo muli miyala yolemera, pamwamba ndi lopyapyala ndipo anasakaniza miyala yopepuka ya kuphiri lophulika. Pakati pali bowo, mvula imalowa n'kutuluka m'timabowo ta pansi. Nyumbayi inasanduka tchalitchi mu 609, n'chifukwa chake sinagwetsedwe ngati zina. Kuyambira 2023 kulowa n'kolipira.

Zina n'zazing'ono koma zimawononga tsiku. Nyumba zosungira zinthu zakale za ku Vatican zimatseka Lamlungu, kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi pomwe kulowa n'kwaulere, ndipo mzere wa tsikulo umadya m'mawa wonse. M'matchalitchi amabweza munthu wosaphimba mapewa ndi mawondo. Madzi musagule: mipopi ya m'misewu yotchedwa nasoni imatulutsa madzi akumwa usana ndi usiku.

Chakudya nachonso ndi phunziro, makamaka m'dera la Testaccio. Kumeneko kuli phiri lalitali mamita pafupifupi 35 lomwe ndi mapale okhaokha, zidutswa za mitsuko yomwe inkabwera ndi mafuta a azitona, yambiri kuchokera ku Spain. Pafupi pake panali malo ophera ng'ombe omwe anatsekedwa mu 1975. Nyama yabwino inkapita kwa olemera, antchito n'kutsala ndi zam'kati, zomwe kumeneko amazitcha quinto quarto. M'menemo ndi momwe munachokera trippa alla romana, chifu chophika ndi matimati ndi tchizi, ndi coda alla vaccinara, mchira wa ng'ombe wowiritsa maola angapo mpaka nyama itasiya fupa. Kwa ife odya nthumbwana ndi mang'ina, palibe chachilendo pamenepo. Malo odyera abwino amayamba kudzaza cha m'ma 8 koloko usiku. Amene ali ndi munthu pakhomo wokukokera mkati ndi bwino kuwadutsa.

Cacio e pepe, pasta wa tchizi ndi tsabola, amaoneka wosavuta, koma ndi pomwe ophika ambiri amagwa. Kwa anthu awiri pamafunika pasta wa magalamu 200, tchizi cha pecorino chopala bwino cha magalamu 100 ndi tsabola wakuda wongopera kumene. Tungani madzi omwe mwawiritsira pasta, muwasiye azizireko, muthire pang'onopang'ono m'tchizi mpaka chikhale ngati phala. Sakanizani ndi pasta mutaphula kale poto pamoto. Mukachita zimenezi pamoto, tchizi chimagwirana n'kupanga zibuma, mafuta n'kulekana ndi madzi, ndipo kutakasa sikuzibwezanso.